Mboni Imene Anaisankha Yekha

Pa ntchito yosoka zovala, mayi telala analibe wofanana naye m'dera lonselo. Msoko wake unkawongoka ngati wochita kuyeza ndi chingwe. Koma pa nkhani ya kulimba mtima, ngakhale nkhuku yonyowa inkamuposa. Kwa zaka makumi atatu anakhala akumeza mawu, ndipo aliyense womudziwa akanalumbira kuti mayiyu adzalowa m'manda ali chimezere. Mwamuna wake ndi mwana wake ankazidziwa zimenezi kuposa wina aliyense. N'chifukwa chake m'mawa wina anamutsekera m'chipinda chosokeramo kuti amuphunzitse bodza.

"Yambiranso," anatero mwamuna wake, wogulitsa nyama pamsika, atatsamira chitseko. "Mawu anayi okha akukukanika? Ng'ombe yomwe ikanawaloweza."

Mayiyo anayang'ana pamakina ake. "Mpongozi wanga ankasita zovala. Anapunthwa pamwendo wa tebulo, nagwera pasimbi yamoto. Mwana wanga anali..."

"Anali kuti?"

"Anali panja."

"Akutani?"

"Akutsuka galimoto."

"Ndiye bwanji mukunena ngati mukulengeza maliro?" anafunsa mwana wake. Ameneyu anali dalaivala wa minibasi, ndipo anzake anamupatsa dzina loti Mabuleki chifukwa akapsa mtima panalibe chomuimitsa. Anakhala patebulo lodulirapo nsalu, miyendo ili lende. "Amayi, mvetserani ndikuuzeni mmene kukhoti kumayendera, poti ine ndakuphunzira ndi thupi langa. Boma latha mboni zake: mkazi wanga uja, dokotala, ndi wapolisi amene anadzatenga simbi. Woweruza wanena kuti ndili ndi mlandu woyankha. Tsopano ndi nthawi yanga yobweretsa mboni, ndipo ndatchula inu nokha. Loya ndilibe, choncho wokufunsani mafunso ndidzakhala ine ndemwe. Ndikatha ine adzaimirira woimira boma, mayi wa magalasi uja. Ameneyo ndiye njoka. Akadzakuzungulirani, inu muzidzangobwereza zomwezi."

"Koma dokotala anati anamenyedwa katatu," anatero mayiyo chapansipansi. "Munthu angagwere pasimbi katatu?"

"Dokotalayo analipo? Kandimverere anakanena za m'maluwa. M'chipinda muno tinalimo atatu: ine, iye ndi inu. Mawu ake ndi anga akulemera mofanana. Kumene mudzaponde inu n'kumene sikelo idzapendekere."

"Wati tinalimo atatu. Nanga suja unali panja?"

Dzanja la mwamuna wake linafika asanamalize kutseka pakamwa. Linali dzanja lozolowera kuswa mafupa a ng'ombe, ndipo mayiyo anagwera pabokosi la ulusi. Timitolo ta ulusi tinagubuduzika pansi ponse, tofiira, toyera, takuda.

"Nzeru zimenezo ukazionetse kwa amene amakupatsa nsalu," anatero bamboyo. "Tinapita kukapempha kuti nkhaniyi ithere m'banja, anatibweza. Akuti munthu akavulazidwa chonchi mlandu si wabanja, ndi waboma. Ine ndinasaina kuti mwanayu atuluke pabelo. Dzina langa lili papepala. Iwe ukufuna akagone kundende zaka zisanu ndi ziwiri chifukwa cha mwana wa eni? Chibale ndi fupa, sichiola."

Mayiyo anadzuka, natola ulusi wake umodziumodzi. Ankadziwanso mwambi wina, woti mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma anaumeza pamodzi ndi magazi a m'kamwa mwake.

"Anali panja," anatero. "Akutsuka galimoto."

Tsiku la mlandu litakwana, anafika kukhoti m'mawa. Anakhala pabenchi la pakhonde pamodzi ndi anthu ena ambiri: oba mbuzi, olimbirana malire a minda, mayi wina wobereka mwana kumbuyo amene ankangolira osanena chifukwa. Chitseko chinkatseguka, kalaliki n'kuitana dzina, n'kutsekanso. Dzuwa linafika pamutu. Litayamba kupendeka, kalalikiyo anatuluka ndi mafailo kukhwapa n'kulengeza kuti woweruza waitanidwa kukamva milandu kubwalo lina, ndipo milandu yonse yotsala idzamvedwa pakatha masabata awiri.

"Ndi mmene zilili kuno," anatero mkulu wina amene anakhala naye pafupi, akuvala chipewa. "Wanga unayamba ndili ndi mano onse."

Mayi telala anazungulira kuseri kwa khoti kukamwa madzi pampopi. Kumeneko anapeza mpongozi wake, mkazi wa Mabuleki, akusamba m'manja. Anali atafunda mpango kumutu mpaka kuphimba tsaya lamanzere. Aka kanali koyamba kuonana chigonekedwere mtsikanayo m'chipatala.

"Wadzuka bwanji, mwana wanga?"

Mtsikanayo sanatembenuke. Mayiyo anabwereza mokweza, ndipo m'pamene anacheuka.

"Pepani amayi, bwerani mbali iyi. Khutu ilo linafa."

Poyankhula, mpango unatsetsereka. Patsaya panali chipsera chooneka bwino lomwe ngati simbi, nsonga yake italoza kudiso. Chibwano chinapola mokhota, ndipo mawu ankatuluka ngati a munthu woluma nsalu. Mayi telala anaizindikira nsongayo. Simbi imeneyo anaigula yekha asanakwatiwe.

"Ndamva kuti mudzaimira mwana wanu," anatero mtsikanayo. "Musaope, sindikupemphani kanthu. Ine zanga ndinanena. Mukudziwa amene anandifunsa mafunso? Iye yemwe. Lamulo likuti munthu wopanda loya ali ndi ufulu wofunsa yekha mboni. Anaima apo, ine apa. Anandifunsa ngati tsikulo sindinamwe mowa. Anandifunsa ngati sindimagwa khunyu. Anthu anaseka. Ine ndinkangoyang'ana simbi ili patebulo, ataimangirira kapepala ngati katundu wa m'sitolo."

"Mwana wanga, ndimvetse. Uja ndinamubereka ndekha."

"Ndikudziwa, amayi. Inenso sindinagwe mumtengo." Anakonza mpango wake. "Koma amene munandithira madzi ndinu. Amene munang'amba yunifolomu ya mwana wa kasitomala n'kundimanga nayo kumaso ndinu. Ndinkamva mawu anu mukuti, 'Usafe, usafe.' Chifukwa cha zimenezo, chilichonse chimene mudzanene muja, ine sindidzakutukwanani."

Anapukuta manja pachitenje n'kumapita. Mayi telala atatembenuka anaona Mabuleki ataima patali pansi pa mtengo. Belo yake inkamuletsa kuyandikira mkazi wakeyo, koma sinkamuletsa kuona.

Atafika kunyumba masana omwewo, mnyamatayo sanadikire kuti mayi ake avule nsapato.

"Mumakambirana chiyani pampopi paja?"

"Ndimangomupatsa moni."

"Moni wa mphindi khumi? Wakuuzani kuti mudzanene chiyani?"

"Sanandiuze kanthu. Funsa khutu lake ngati..."

Mabuleki anamugwira dzanja lamanja n'kulikanikiza patebulo lodulira nsalu. Bambo ake anali atakhala pampando pakhomo la chipindacho akunola mpeni wa kuntchito, ndipo sanasiye kunola.

"Mapanga awiri avumbwitsa, amayi. Muli kwa ine kapena kwa iye?"

"Ndisiye, ukundipweteka."

"Kwa ine kapena kwa iye?"

Anagwira chala cholozera, chimene mayiyo ankatsogolera nacho nsalu pansi pa singano, n'kuyamba kuchipindira kumbuyo. Mayiyo anayang'ana nkhope ya mwana wake. Anali ataiona kale nkhope imeneyo: milomo yoluma, maso osaphethira, mtsempha wotupa pamphumi. Ndi yomwe ija inawerama pa mpongozi wake tsiku lija. Ndi yomwenso kwa zaka makumi atatu inkawerama pa iye mwini, itavala thupi la bambo wa mnyamatayu. Chalacho chinalira ngati kamtengo kouma.

Mnyamatayo anabwerera m'mbuyo akupuma mwawefuwefu, kenaka anayankhula ndi mawu ofatsa, ngati munthu wothandiza.

"Mukapita kuchipatala mukanene kuti chitseko chinakupanani."

"Wamva," anatero bamboyo, akuyesa mpeni pachikhadabo. "Chitseko."

Mayiyo sanalire. Anadzimanga yekha ndi kansalu kotsala, napita kuchipatala, nanenadi kuti chinali chitseko. Namwino anamuyang'ana nthawi yaitali, koma analemba zomwezo. Pobwerera, mayiyo ankangolingalira chinthu chimodzi: kuti m'nyumba mwake zitseko, matebulo ndi simbi zinali zitapalamula milandu yambiri, ndipo panalibe tsiku limene munthu anapalamulapo.

Masabata awiriwo makina sanalire. Mayunifolomu a ana asukulu anaunjikana pakona osasokedwa. M'mawa uliwonse ankamuyesa mayeso ake, ndipo iye ankakhoza osaphonya liwu. Bamboyo anafika pomuyamikira.

"Waona? Mkazi ali ngati nyama yolimba, amafewa ndi kusasantha."

Tsiku la mlandu litakwananso, woweruza analipo. Anali munthu wa imvi, wosakweza mawu, ndipo ankalemba yekha ndi cholembera chilichonse chonenedwa. Mabuleki anaima m'kabokosi ka oimbidwa milandu, atavala shati yoyera imene mayi ake anamusokera. Bambo ake anakhala pabenchi lakutsogolo, manja ali pamawondo. Mpongozi uja anakhala kumbuyo kwenikweni ndi mchimwene wake. Patebulo la pakati, pafupi ndi kalaliki, panali simbi yamakala ija ndi kapepala kake.

"Mboni ya woimbidwa mlandu ilowe."

Mayi telala anakwera m'kabokosi ka mboni. Kalaliki anamuuza kuti akweze dzanja lamanja. Analikweza, chala chomangidwa chili njo pamwamba pa zinzake, ndipo anabwereza mawu a lumbiro: kuti adzanena zoona, zoona zokhazokha, osabisa kanthu. Palibe amene anamuphunzitsa mbali imeneyi kunyumba. Mawuwo anamulemera pakamwa kuposa mmene ankayembekezera.

"Woimbidwa mlandu, funsani mboni yanu," anatero woweruza.

Mabuleki anamwetulira. "Amayi, mukundidziwa ine?"

"Ndikukudziwa. Ndiwe mwana wanga."

"Tsiku limene mkazi wanga anavulala, inu munali kuti?"

"M'chipinda chosokeramo."

"Uzani bwalo zimene munaona."

"Mpongozi wanga ankasita zovala," anayamba mayiyo.

"Pang'onopang'ono, mayi, ndikulemba," anatero woweruza.

Mayiyo anadikira. M'khotimo munkamveka cholembera chokha chikukanda pepala. Anaona kuti liwu lake lililonse, iye amene kunyumba ankauzidwa kuti atseke pakamwa, munthu wa imvi ankalitola n'kuliika m'buku. Cholembera chinaima. Woweruza anakweza maso, kudikira.

"Ankasita zovala. Iwe unalowa n'kumufunsa chifukwa chake anachedwa kumsika. Asanayankhe unamulanda simbi."

"Amayi..."

"Musadule mboni," anatero woweruza osakweza mutu. Cholembera chinapitiriza.

"Unamumenya nayo pakhutu. Anagwa. Unamumenya kachiwiri pachibwano. Kenaka unagwada pachifuwa pake n'kumukanikiza nayo patsaya, makala ali ngwee m'kati. Ndinamva fungo. Ndinakukoka shati, unandikankhira pamakina."

"Akunama! Bwana woweruza, mayiwa asokonezeka mutu. Ndikuichotsa mboni imeneyi, sindikuifunanso."

Woweruza anamaliza kaye chiganizo chimene ankalemba, n'kuika cholembera pansi. "Mboniyi munaiitana nokha. Palibe amene anakukakamizani. Yalumbira, yayankhula, ndipo zimene yanena zalowa m'buku la bwalo. Simungazichotse. Ngati muli ndi funso lina, funsani."

Mabuleki anayang'ana bambo ake. Bamboyo anali atatuwa milomo. Funso lina panalibe.

Woimira boma anaimirira, nakonza magalasi ake. Sanabwere ngati njoka. Anatenga pepala limodzi mufailo n'kuliwerenga mofatsa.

"Mayi, apolisi atabwera kwanu munawauza kuti mtsikanayu anagwa yekha, ndipo munasaina. Lero mukuti anamenyedwa. Bwalo likhulupirire ziti?"

"Za lero."

"Chifukwa chiyani?"

"Tsiku lija ndinayankhula ndi mimba imene inamubereka. Lero mwandikwezetsa dzanja."

"Mukudziwa kuti kunamiza apolisi ndi mlandu?"

"Ngati ndi mlandu, ulembeni. Benchi lanu la panjapo ndalizolowera."

Ena anaseka, koma woweruza atawayang'ana anasiya. Woimira boma analoza simbi. "Mukuidziwa iyi?"

"Ndi yanga. Chogwirira chake ndinachimanga ndi waya chaka chatha."

"Funso lomaliza. Chala chanu chatani?"

Mayiyo anayang'ana chalacho, kenaka mwamuna wake, kenaka mwana wake.

"Kuchipatala ndinanena kuti ndi chitseko. Chitsekocho ndi icho chaima apocho, chavala shati yoyera."

Mabuleki analumpha thabwa la kabokosi kake. Wapolisi wa pakhomo asanasunthe, iye anali atafika kale patebulo n'kutola simbi ija. Anaiponya ndi mphamvu zake zonse. Inadutsa pafupi ndi phewa la mayi ake n'kukaswa thabwa la kumbuyo kwake, chivundikiro chake n'kuguluka, phulusa lakale n'kumwazika pansi. Apolisi awiri anamugwetsa chafufumimba, wina bondo pamsana, wina akupotoza mikono. Mphuno yake inagunda simenti ndipo magazi anadontha pashati yoyera ija. Ankakuwa dzina limene mwana saitana nalo mayi ake.

Woweruza anadikira mpaka phokoso litatha. Kenaka anatenganso cholembera.

"Zimene zachitikazi bwalo laziona ndi maso ake, ndipo zalembedwa. Belo yathetsedwa. Woimbidwa mlandu akadikire chigamulo ali m'manja mwa boma. Chigamulo chidzaperekedwa pakatha sabata imodzi. Mboni ikhoza kutsika."

Mayi telala anatsika. Podutsa patebulo anaima pamaso pa kalaliki, amene ankatola zidutswa za simbi.

"Imeneyo mudzandibwezera liti?"

"Mlandu ukatheratu, mayi. Mudzasaina n'kuitenga."

"Musataye chivundikirocho. Chimakonzeka."

Panja, mwamuna wake ankamudikira pamasitepe. Sanakweze mawu, poti apolisi anali pafupi. Anawerama ngati akufuna kumuuza chinsinsi chabwino.

"Wadya mwana wako wekha pamaso pa anthu. Ndatsogola. Undipeza kunyumba."

Anatsika masitepe osacheuka, natuluka pageti. Woimira boma anali ataima kumbuyo ndi mafailo ake, ndipo anamva zonse.

"Mayi, musapite kumeneko. Lamulo limateteza mboni. Ndikhoza kulemba pempho pompano, woweruza asanatuluke, kuti bambowa aletsedwe kukuyandikirani. Palinso malo amene timasungako amayi ngati inu. Galimoto ya apolisi ilipo, ikufikitsani."

Mpongozi uja anafika nayenso, atagwira mkono wa mchimwene wake. Mpango unali utagwera m'khosi ndipo sanaukonze.

"Tiyeni kwathu, amayi. Chipinda chilipo. Achimwene akatenga makina anu mawa."

"N'zoona, mayi," anatero mchimwene wakeyo. "Mwatichitira chinthu chachikulu. Tiloleni nafenso tichiteko kathu."

Mayi telala anawayang'ana onse atatu. Anazungulira n'kukaima mbali ya khutu lamoyo la mtsikanayo.

"Mwana wanga, sindinakugulitse kanthu muja koti undilipire. Ndikakwera galimoto ya kwanu lero, mawa dera lonse lidzati apongozi anagulidwa ndi chipinda, ndipo mawu anga adzapepuka. Asiye akhale mmene alili m'bukumo." Anatembenukira kwa woimira boma. "Inunso zikomo, mayi. Pepala lanulo lisungeni. Nyumba ija theka lake ndinaimanga ndi singano. Zaka makumi atatu ndakhala ndikuithawira kukhomo lakuseri. Lero ndikalowera lakumaso."

"Bambo aja ali ndi mipeni," anatero woimira boma.

"Ndikuidziwa yonse, ndimaitsuka ndine. Koma iwonso lero aphunzira kanthu. Aona kuti ndikatsegula pakamwa pali munthu amene amalemba."

"Amayi, chonde," anatero mtsikanayo, akumugwira dzanja.

Mayiyo anachotsa dzanja lake pang'onopang'ono, poteteza chala chothyoka. Anakweza mpango wa mpongozi wake, osati kuti aphimbe chipsera, koma kuti aukonze mphepete imene inapindika, monga achitira telala.

"Mayunifolomu khumi ndi awiri akundidikira, ndipo sukulu ikutsegulira Lolemba. Zala zisanu ndi zinayi zikwana."

Dalaivala wa apolisi anali atatsegula kale chitseko cha galimoto. Mayi telala anachilambalala, natuluka pageti wapansi, kulowera njira yomwe mwamuna wake anadzera.